Maso a Kaphethira

Blanchardstown, Dublin
10 March 2024

Achemwali a Dyness,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Luchenzako, inu, alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mphepo ya mwezi uno ikulowa mpaka m'mafupa. Mlamu wanu Towera akupereka moni.

Musadabwe kuti lero ndagwira pepala ndi cholembera ngati munthu wakalekale. Kalatayi ndaijambula pa foni, koma chonde mukaisindikize pamodzi ndi zithunzi zitatu ndatumizazi, muwapatse abambo m'manja. Pa foni ndalephera nawo. Chimwalirireni amayi mu October muja, ndikaimba amangoti "tili bwino, zikomo," kenako ndimamva akukupatsirani foniyo. Zikundiopsa, achemwali. Munthu amene ankatha kufotokoza za kabuleta imodzi ya galimoto kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kukafika kunyumba!

Tsono tamverani. Mnzanga wa ku Zambia, Eston, amene amakonza mabasi kuno, ananditenga Loweruka lina kupita kwa mlimi wina kunja kwa tauni kukaona jenereta. M'shedi ya mlimiyo, kuseri kwa mabelo a udzu, munali galimoto yofunditsidwa tenti. Ndinavundukula pang'ono kuti ndisuzumire. Achemwali, ndi Kaphethira! Osati mwiniwake uja wa bwana wamkulu wa ku esiteti ya tiyi, amene abambo anamusamalira zaka zonse zija, koma mtundu womwewo. Mipando iwiri, kufupika komwe kuja, ndi nyali zija zobisala pamphuno zimene zimadzuka ukakoka batani. Uja anali wofiira, uyu ndi wachikasu.

Ndamugula. Towera anakhala masiku awiri akungondiyang'ana, tsiku lachitatu ndiye anati bola si njinga yamoto. Injini Eston waidzutsa kale, ikulira bwinobwino. Koma maso akukana kutseguka. Ine ntchito yanga ku Citywest ndi ya mawaya ndi makompyuta, za mapayipi a mpweyazi ndine mbuli. Ndikanatha kufufuza pa intaneti, koma ndikufuna kufunsa abambo. Mwina angaiyankhe galimoto, poti ine akulephera kundiyankha.

Ndine mlongo wanu,
Ganizani


Luchenza
19 March 2024

Ganizani,

Kalata yako yafika ndipo tonse tadzuka bwino. Moni kwa mlamu Towera, umuuze kuti ndamumvera chisoni pokwatiwa ndi munthu wotola zigalimoto zakufa m'makola a anthu.

Ndiyambe ndi zoona, poti pa foni ndimakubisira. Abambo sali bwino. Si matenda a kuchipatala ayi. Amadzuka, amasamba, nkukakhala pampando wa pakhonde kuyang'ana msewu wa ku Mulanje mpaka dzuwa kuwapeza kumapazi. Chakudya amangochigwiragwira. Kutchalitchi anasiya mu December. Bokosi lawo la masipana lija, limene ankalipukuta Loweruka lililonse ngakhale atapuma ntchito, loko wake wachita dzimbiri.

Ndinawapatsa zithunzi zako Lachisanu nditaweruka kusukulu. Anaziyang'ana mwaulesi, kenako anati, "Tandipatsa magalasi." Ganizani, miyezi isanu asanapemphepo kanthu m'nyumba muno! Chithunzi cha mu boneti chija anachiyang'ana nthawi yaitali, nkuloza ndi chala. "Ndi chitsiru chiti chinalumikiza payipi iyi apa?" Ine ndinathawira kukhitchini, kulira ndi kuseka zonse pamodzi.

Ukukumbukira tsiku la chiperoni lija? Unali sitandade 2, ine 5. Bwana anali atapita kwawo kutchuthi, abambo nkuti akaiyese galimoto pamsewu wa m'minda. Anatipanikiza tonse awiri pampando umodzi, iwe pamiyendo panga ndi mafupa ako olasa aja. Unali m'mawa, koma nkhungu yake yoti tiyi wa m'mbali mwa msewu osamuona. Pachitunda cha kufakitale abambo ataponda mafuta, maso a galimoto anayamba kutsika pang'onopang'ono ngati munthu wowodzera pa ulaliki. Iwe unakuwa kuti galimoto ikugona! Abambo anangochotsako phazi pang'ono, maso nkudzukanso, lamanzere kuyamba, lamanja kutsatira. Titafika kunyumba unawafotokozera amayi mpaka malovu kuthothoka, ndipo ndi amayi amene anati basi, dzina lake ndi Kaphethira. Abambo anakwiya kuti tikunyoza ntchito yawo, koma pasanathe mwezi nawonso anali akuitchula choncho.

Panopa andilanda kope langa la kusukulu ndi pensulo ziwiri. Akukulembera okha, ndipo ati ine ndisawerenge chifukwa sindingamvepo kanthu.

Mchemwali wako,
Dyness


Luchenza
24 March 2024

Mwana wanga Ganizani,

Ndalandira kalata ndi zithunzi. Ine ndili bwino, kaya iwe ndi apongozi.

Galimoto imeneyo usaifulumire. Choyamba umvetse mmene maso amadzukira. Injini ikamalira imakoka mpweya, ndipo kukoka kumeneko ndi kumene azungu amati vakyumu. Kapayipi kakang'ono kamachoka pa injini kupita kuchitsulo chopingasa cha kutsogolo kwa chasisi, pansi pa galimoto. Chitsulocho m'kati ndi chopanda kanthu, ndiye thanki yosungira vakyumu. Kuchoka apo payipi imapita kubatani, kuchoka kubatani imagawikana kupita kuzitini ziwiri, chimodzi pansi pa diso lililonse. M'chitini muli kalabala kozungulira. Mpweya ukakokedwa kalabala kamalowa m'kati, kamakoka kandodo, kandodo kamadzutsa diso. Basi. Koma pakangopezeka kabowo kolowa nsonga ya singano penapake, zonse zagwa.

Ndajambula patsamba lachiwiri. Payipi imene ndaika X yalumikizidwa molakwika, uibwezere pamene ndaika muvi.

Tsopano kuyeza kwake. Usagule makina. Zula payipi ya ku chitini chimodzi, uipukute, uike pakamwa ukoke mpweya, kenako utseke kukamwa kwa payipiyo ndi nsonga ya lilime. Ikakugwira lilime mpaka uwerenge twente, mbali imeneyo ndi yabwino. Ikasiya msanga, pabooka. Uchite choncho payipi iliyonse payokha, chitini chilichonse pachokha, ndipo uzilemba zimene wapeza. Ine ndinagwira ntchito zaka 31 ndi lilime lomweli ndipo likadalipo.

Palinso kavavu kakang'ono pafupi ndi injini kamene kamalola mpweya kupita mbali imodzi yokha. Uuziremo mbali zonse ziwiri. Ngati ukudutsa konsekonse, kafa.

Pachithunzi chachitatu ndaona masipana ali mbwee pansi. Sindinakulere choncho.

Undiyankhe ukamaliza.

Ndine bambo ako,
Manfred


Blanchardstown, Dublin
14 April 2024

Abambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tili bwino, ndipo Towera akuti zikomo chifukwa cha mawu a masipana aja, akuti wakhala akunena zomwezo zaka nayini.

Kalata yanu ndinaiwerenga mu basi popita kuntchito mpaka kupitirira siteji yanga. Zolemba zanu sizinasinthe, 7 wanu akadali ndi kamzere pakati ngati pa makhadi a galaja ya ku esiteti amene munkabwera nawo kunyumba m'thumba la ovolosi.

Galimoto ili kuseri kwa nyumba ya Eston, m'kagalaja kake. Atandipeza ndili chogwada, payipi pakamwa, maso ali tong'o, anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "Imwe ba Malawi, muzamwa petulo!" Ndipo zoona ndinaimwadi pang'ono, tsiku lonse ndimageya fungo la galaja. Koma tsiku lomwelo ndinamupeza nayenso akuyesa mwakabisira, lilime lili pa payipi.

Zimene ndapeza ndi izi. Kavavu kanafa, ndaika kena. Mapayipi atatu anali ong'aluka, ndasintha onse. Thanki ndinkaikayikira, koma ikugwira. Chitini cha kumanzere chinandigwira lilime mpaka twelofu. Cha kumanja sichikugwira nkomwe. Komabe dzulo nditaliza injini nkukoka batani, diso lamanzere linadzuka theka, likunjenjemera, ndi kaphokoso kaja koti fyuu. Abambo, kaphokoso kameneko ndinali nditakaiwala. Nditakamva ndinaona khonde la ku esiteti, amayi akuyanika zovala, inu mutagona pansi pa galimoto miyendo yokha ikuoneka. Ndinazimitsa injini.

Eston akuti masiku ano anthu amangochotsa zonsezi nkuika mamota a magetsi. Ndamuuza kuti ayi, ine ndili ndi injiniya wanga ku Luchenza.

Tsono mafunso. Chitinichi mkombero wake ndi wopinda, ndichitsegula bwanji osachiwononga? Nanga malabala a m'kati akapezeka kuti anaola, ndichite chiyani? Kuno ndafunsa m'masitolo atatu, onse akungopukusa mitu.

Ndine mwana wanu,
Ganizani


Luchenza
2 June 2024

Ganizani,

Moni nonse kumeneko. Ife tili bwino, kuzizira kwayamba.

Iwe ndi abambo mwandisandutsa mtengamakalata. M'nyumba muno mapepala a zojambula ali paliponse, ndipo wa sitolo yosindikizira akangondiona amayamba kuseka. Ndawerenga, makalata anu akwana khumi ndi awiri chiyambireni March. Sindikudandaula ayi. Abambo akudya mpaka kupempha ndiwo zina. Loko wa bokosi la masipana anamuthira mafuta, akutseguka. Lamlungu lapitali anapita kutchalitchi, ndipo pobwera anamuimitsa mkulu wa mpingo padzuwa theka la ola kumufotokozera za vakyumu, munthu wosauka uja alibe ngakhale njinga.

Koma ndikuuze usanamve kwa ena. Lachitatu anachita chizungulire ali ku Limbe, anthu achifundo nkuwakhazika pakhonde la sitolo mpaka ine kufika. Kuchipatala ati BP inakwera, awasinthira mankhwala. Panopa ali bwino. Usandifunse kuti ku Limbe amakatani okha, munthu wa zaka 79, chifukwa ndinalonjeza kuti sindinena.

Kalata yako ya pa 26 May, ya miyezo ya malabala oola imene anakufunsa ija, anailandira. Ati yankho lichedwa pang'ono.

Dyness


Blanchardstown, Dublin
30 June 2024

Achemwali,

Moni. Ndilemba mwachidule chifukwa mtima suli m'malo.

Masabata asanu tsopano abambo osandiyankha. Munthu amene ankayankha pasanathe masiku anayi, nthawi zina nkuwonjezera tsamba lina mawa lake kuti anaiwala mfundo. Ndikaimba mukuti agona, kapena atuluka. Atuluka kupita kuti ndi BP imeneyo?

Ndinene mosabisa, sindikukukhulupirirani. Chaka chatha munkandiuza kuti amayi ali bwino, angotopa. Ine nkumati ndibwera pa Khrisimasi ntchito ikachepa. Ndinafika maluwa a pamanda atafota kale. Sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa kuti amayi ndi amene anakuletsani kuti mwana asadandaule kutali. Koma banja lathu timabisirana zinthu ngati ndi ulemu, ndipo ine zimenezi zinandipweteka mpaka lero.

Mwina ndawatopetsa ndi mafunso anga. Munthu wamkulu kumakhala usana wonse atawerama pa kope chifukwa cha chidole cha ine! Ndikuopa kuti galimotoyi idzatsegula maso iwo atapita. Pa amayi ndinachedwa, pa abambo sindichedwanso. Pali chimene ndaganiza kuchita, koma ndikuuzani chikatheka. Musawauze kanthu.

Ganizani


Luchenza
2 July 2024

Ganizani,

Abambo ali bwino, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Za amayi ndakumva ndipo ndinalira nditawerenga, tidzakambirana pamaso. Panopa ingodikira, usapupulume. Ndili pakati pa mayeso a ana, ndikulemba ndili chiimire.

Dyness


Blanchardstown, Dublin
21 July 2024

Abambo,

Ndikhulupirira mukupeza bwino ndipo mankhwala atsopano akuthandiza. Lero ndili ndi nkhani yabwino, simuvutikanso ndi mafunso anga. Kaphethira watsegula maso!

Malabala aja sanapezeke, ndiye ine ndi Eston tinapita kumalo ogulitsa zida za galimoto zophwasula. Tinapezako mamota awiri aang'ono ochotsa pa galimoto ina ya ku Japan ya nyali zobisala ngati zomwezi. Eston anawotcherera timipando ta chitsulo pamene panali zitini, ine nkudula tindodo kuti tifike bwino pa diso lililonse. Kufuna kuti onse awiri aziima mulingo umodzi kunatitengera Loweruka lathunthu. Mawaya ndinakoka ndekha kuchokera ku batire, ndi fyuzi yake ndi marileyi awiri, timaswichi toyendetsedwa ndi magetsi, apa pokha ndiye sukulu yanga inagwira ntchito. Batani lakale lija ndalisiya pamalo pake kuti pasaoneke kusintha, kungoti kuseri kwake ndabisako swichi. Bowo la pa injini pamene pankachokera vakyumu tatseka ndi bawuti. Mapayipi ndi zitini tachotsa zonse, mu boneti mwayera bwino.

Ukangokoka batani, onse awiri nthawi imodzi, phaa! Ngakhale injini isanalire amadzuka. Dzulo masana kunali kamvula, ndiye tinakwera nayo mapiri a kuseri kwa Saggart nyali zili zoyaka. Ndinaponda mafuta mpaka pansi pachitunda chachikulu, maso ali chidzukire, osagwedera ngakhale pang'ono. Ndinakuwa ndekha m'galimoto ngati wamisala.

Ndatumiza kafilimu pa foni ya achemwali, akuonetsani. Ndinkafuna muione yatha. Tsopano mupume, abambo, kope lija muwabwezere eni ake.

Ndine mwana wanu,
Ganizani


Luchenza
28 July 2024

Ganizani,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma ndakwiya nawe, ndipo ndadzikwiyira ndekha koposa.

Iwe mwana iwe, wachita chiyani? Ndinakuuza kuti usapupulume!

Lonjezo ndaliphwanya lero, imva. Abambo atalandira miyezo ija anati malabala amenewo sungawapeze ku Ulaya konse, akupangira okha monga ankachitira ku esiteti. Ku Limbe kuja amakasaka chubu cha thirakitala, chifukwa ati cha galimoto ndi chopyapyala, cha lole ndi chouma. Anapita katatu. Atachipeza anakhala mwezi wathunthu pakhonde, kudula, kupala ndi sandipepala, kuyesa pa chitini cha mkaka chimene anachiboola okha. Anataya oposa khumi asanakhutire ndi awiri. Zala zawo zinachita matuza. Ndikati ndimuuzeko Ganizani kuti asade nkhawa, ankati ayi, akangotsegula phukusi adzaone yekha.

Phukusilo linanyamuka pa 12 July ndi mai Clotilda, namwino wa kwathu ku Mulanje kuno amene amagwira ntchito ku Dublin komweko. Anali kutchuthi. Tsoka ilo mchimwene wawo anamwalira ulendo utatsala masiku awiri, ndiye anasintha tikiti. Phukusi lili m'sutikesi yawo ku Lilongwe, afika kumeneko pakati pa August.

Kafilimu kako ndinayamba ndakaonera ndekha, ndipo ndinakhala nako masiku awiri ndikusowa poyambira. Kenako ndinati kubisa ndi kumene kwatifikitsa pano. Ndinawapatsa kalata, anaiwerenga kawiri. Ndinawaonetsa kafilimu, anaonera kamodzi. Anati, "Zili bwino, wachita bwino." Anavula magalasi, nkundibwezera kope langa ndi pensulo zonse ziwiri.

Abwerera pampando uja, Ganizani. Dzulo chakudya chabwerera momwe chinapitira. Lero kutchalitchi ndapita ndekha ndi ana.

Iwe unabisa kuti uwasangalatse, iwo anabisa kuti akusangalatse, ine pakati ndasunga zinsinsi ziwiri ngati chitsiru. Ndikanangotsegula pakamwa tsiku limodzi lokha! Sindikudziwa kuti tikonza bwanji zimenezi.

Dyness


Blanchardstown, Dublin
18 August 2024

Abambo,

Ndikupereka moni, ngakhale ndikuchita manyazi kugwira cholembera.

Phukusi lanu ndalilandira Lachisanu. Mai Clotilda amakhala ku Santry kufupi ndi bwalo la ndege, ndinapita komweko nditaweruka. Anandiuza kuti powapatsa munawagwira dzanja nkuwauza katatu kuti asaike pansi pa zinthu zolemera. Ndinatsegulira m'galimoto panja pa nyumba yawo. Malabala awiri owazidwa paudala, okulungidwa m'nyuzipepala, lina lolembedwa L lina R ndi choko. Masamba asanu a malangizo. Malabalawo ndinawanunkhiza, ndipo ndinalira ngati mwana, ndege zikungodutsa pamwamba.

Dzulo ndinapita kwa Eston. Mwamwayi zitini zija anali asanataye, zinali m'mgolo wa zitsulo. Ndinatsegula mkombero pang'onopang'ono monga munalembera, ndinaika malabala anu, ndinapindanso. Akwana ndendende, osadulako ngakhale pang'ono. Cha kumanja chija, chimene sichinkagwira nkomwe, ndawerenga mpaka sikisite chili chigwirire. Eston anawatembenuza malabalawo m'manja nthawi yaitali tisanawaike, kenako anati mudala uyu akanakhala kuno bwenzi tonse tikugwira ntchito kwa iye.

Ndinalakwa, abambo. Mutakhala chete ndinaganiza kuti mukudwala ndipo akundibisira. Ndinachita mantha kuti mupita ngati amayi, ine ndisanakuonetseni kanthu. Ndiye ndinathamangira kumaliza, osadziwa kuti ndikukulandani ntchito m'manja. Galimotoyi sindinaigule kuti ndiziyendera, basi ilipo. Ndinaigula kuti muzindiyankhula.

Mukangonena, Loweruka likubwerali ndichotsa mamota, ndibwezeretsa zitini ndi mapayipi onse monga zinalili. Ndikudikira mawu anu. Ngakhale mundikalipire, bola mulembe.

Ndine mwana wanu,
Ganizani


Luchenza
8 September 2024

Mwana wanga Ganizani,

Kalata yako ndinailandira kalekale. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna mtima uyambe watsika. Ine ndili bwino, mankhwala ndikumwa. Upereke moni kwa apongozi ndi kwa mnzako wa ku Zambia, kuwotcherera kwake ndakuona, ndi kwaukhondo.

Mamota usachotse. Ndikuuza zimene sindinakuuzepo. Inu ana munkaseka maso aja akamatsika, koma ine galimoto imeneyo inandichititsa manyazi osaneneka. Tsiku lina bwana akuchokera ku Limbe ndi akazi awo, maso anagwa pakona, galimoto nkulowa m'tiyi. Sanavulale, koma mawa lake anandiimika pamaso pa antchito onse a m'galaja nkunditchula mayina amene sindingalembe pano. Vakyumu ija sinali yodalirika ngakhale pamene inali yatsopano. Mamota amenewo akanakhalapo nthawi imeneyo, ndikanawaika ndekha tsiku lomwelo.

Kuyambira tsiku limenelo malabala ndinkadula ndekha, ndipo amene ankandigwirira chubu anali amayi ako. Tinkadulira sizasi yawo yosokera, iwo akudandaula kuti ndikuibunthitsa. Mu June muja nditafuna kudula ako, sizasi zonse za m'nyumba zinakana. Ndinatsegula bokosi lawo la zosokera, koyamba chiwaikireni m'manda. Mwezi wonse uja pakhonde ndinkadula ndikuyankhula nawo, kuwauza za iwe ndi za galimoto yako yachikasu. Choncho usaganize kuti ntchito ija inapita pachabe. Malabalawo uwasunge pouma.

Chimene chinandipweteka si mamota. Kalata yako ya mu July ndinaiwerenga kawiri kufunafuna funso, munalibe ngakhale limodzi. Unati ndipume. Mwana wanga, ndakhala ndikupuma kuyambira October, ndipo kupumako ndi kumene kumandipha.

Tsopano pali chinthu chandisowetsa mtendere. Kafilimu kaja ndakaonera maulendo 14, Dyness mpaka wayamba kubisa foni. Diso likadzuka likuima lokha pamalo pake, osapitirira, likatsika chimodzimodzi. Pa vakyumu ndikumvetsa, kalabala kakafika pamapeto kafika basi. Nanga mota, imene ntchito yake ndi kuzungulira, ikudziwa bwanji kuti yafika? Akuiuza ndani kuti ima apa? Ndinapita kwa makaniko wa pamsika pano, anangondiuza kuti ndi zamagetsi, ndiye kuti nayenso sakudziwa.

Chibadwire sindinamufunsepo mwana wanga za galimoto. Lero ndakufunsa. Undijambulire, waya aliyense ndi mtundu wake, zilembo zikuluzikulu chifukwa maso akutha. Marileyi amenewonso sindinawagwirepo, uyambire pamenepo, ndipo ndikapanda kumva ndidzafunsanso.

Usandiuze zonse m'kalata imodzi.

Ndine bambo ako,
Manfred